SIKELO SI YA ANA OKHA

Mayi aliyense mu mzinda uno wa Blantyre amalidziwa tsiku la sikelo. Likakwana amalawira ndi mwana kumbuyo kunka ku chipatala chaching'ono cha ku Ndirande, ku Zingwangwa, ku Bangwe, ku Chilomoni kapena ku Limbe. Kumeneko mwana amampachika pa sikelo, mlangizi wa zaumoyo nawerenga makilogalamu ndi kuwalemba m'buku. Mzere ukakwera onse amakondwa. Ukatsika mayi amafunsidwa chimene mwana akudya ndi chimene akudwala. Mwambo umenewu ndi wabwino, ndipo wapulumutsa ana osawerengeka m'dziko muno. Koma sabata ino tifuna kufunsa funso limodzi kwa atsogoleri a Chipani ndi kwa onse ogwira ntchito m'Boma. Agogo aja amene amatsala pakhomo kusunga nyumba mayi akapita ku sikelo, iwo anakwera liti sikelo komaliza?

Ambiri a ife sitingayankhe. Mtengo wa thumba la feteleza timaudziwa, mtengo wa lita ya petulo timaudziwa, koma kulemera kwa thupi la mayi wotibala sitikudziwa. Chonsecho kulemera kwa thupi la munthu wokalamba kumanena zambiri za mafupa ake. Nkhalamba yoonda kwambiri ili pa ngozi yothyoka mafupa, ndipo nkhalamba yonenepa kwambiri nayo siinapulumuke monga ambiri timaganizira. Chimene chimasunga fupa ndi thupi la pakatikati, la minofu, lodya mokwanira ndi loyendayenda.

Ndiyambe ndi za kwathu. Azakhali anga anakhala zaka zambiri m'munsi mwa phiri la Ndirande. Anali mayi wolimba pa ntchito, wosenza nkhuni ndi madzi kuyambira ali mtsikana. Amuna awo atamwalira, ana atabalalika kukafuna ntchito, iwo anayamba kudya mwa apo ndi apo: tiyi wopanda mkaka m'mawa, ndi kansima ka masamba madzulo. Mano atatha anasiya nyama ndi nsomba zouma. Chitenje chinayamba kuzungulira kawiri m'chiuno. Ife tinkaona ndithu, koma tinkangoti ndi ukalamba. Tsiku lina m'dzinja anaterereka pa mwala wa m'bafa. Sanagwe kuchokera pa denga kapena mu mtengo ayi. Anangogwera cham'mbali pomwe anaimapo. Fupa la ntchafu linathyoka pamwamba penipeni, pamene limalumikizana ndi chiuno. Anagona m'chipatala masabata ambiri mwendo utamangiriridwa ku chitsulo cholemera, mwana wawo wamkazi atasiya geni yake ku msika kuti aziwadwazika. Anatuluka, koma sanayendenso paokha kufikira tsiku limene tinakawaika m'manda. Dokotala anatiuza kuti fupalo linali litatha kale m'kati, kugwako kunangomalizitsa.

FUPA NDI CHINTHU CHAMOYO

Ambiri timayesa fupa ndi chinthu chouma ngati mwala, chifukwa fupa limene timalidziwa ndi la m'mbale, limene timaponyera galu. Koma mafupa 206 amene ali m'thupi la munthu wamkulu ndi amoyo, ali ndi mitsempha ya magazi, ndipo amakonzedwa usana ndi usiku. M'kati mwa fupa muli magulu awiri a antchito osaoneka ndi maso: ena amagumula fupa lakale, ena amamanga latsopano. Pa chaka chimodzi, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a mafupa a munthu wamkulu limagumulidwa ndi kumangidwanso. Kuyambira ubwana kufikira zaka pafupifupi 30, omanga amaposa ogumula, ndipo fupa limadzala ndi kulimba. Paja akuluakulu anati m'mera mpoyamba. Munthu akapyola pamenepo zinthu zimayamba kutembenuka pang'onopang'ono, ogumula nayamba kuposa omanga.

Fupa lilinso ngati nkhokwe. Mwa mchere wotchedwa kashiamu umene uli m'thupi, magawo 99 mwa 100 amasungidwa m'mafupa ndi m'mano. Mtima ndi minofu sizingagwire ntchito popanda mchere umenewu m'magazi. Tsono chakudya chikalephera kuubweretsa, thupi limakatapa m'nkhokwe. Likatapa chaka ndi chaka osabwezeramo, nkhokwe imatsala mphako.

Kwa amayi vutoli limafulumira akasiya kusamba, kawirikawiri pakati pa zaka 45 ndi 55. Pa nthawi imeneyi homoni yotchedwa estrogen, imene imaletsa ogumula aja kupyola muyeso, imachepa kwambiri m'thupi, ndipo mayi angathe kutaya gawo limodzi mwa magawo 10 a kudzala kwa mafupa ake m'zaka zisanu zoyamba. Abambo nawo amataya, koma mochedwerapo. Madokotala amatcha matendawa osteoporosis. Ife tingowatcha kufumbwa kwa mafupa, pakuti fupa limakhala ngati chimanga cholowa anankafumbwe, kunja chooneka bwino, m'kati muli ufa. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linakhazikitsa mulingo wozindikirira matendawa m'chaka cha 1994. Bungwe la International Osteoporosis Foundation limawerengera kuti pa dziko lonse, mwa anthu opyola zaka 50, mayi mmodzi mwa atatu ndi bambo mmodzi mwa asanu adzathyoka fupa chifukwa cha matendawa.

Kuopsa kwake n'kwakuti sapweteka kufikira tsiku limene fupa lathyoka. Chizindikiro chimene maso angaone ndi kufupika kwa msinkhu ndi kupindika kwa msana, pamene timafupa ta msana tiphwanyika ndi kusanjikizana. Pamenepa tinene mosapsatira mau: agogo oyenda chowerama si mfiti. Ndi munthu wodwala mafupa, ndipo aliyense womutonza kapena kumunena ufiti akudzitonza yekha, chifukwa njira imene agogowo adutsa ndi yomweyo imene ife tikulowera.

CHIFUKWA CHAKE KUONDA KUMAFOOKETSA FUPA

Chifukwa choyamba ndi chakuti fupa limalimba ndi katundu amene limasenza. Dokotala wina wa ku Germany, Julius Wolff, anafotokoza lamulo limeneli m'chaka cha 1892: fupa lopatsidwa ntchito limadzimanga, fupa lokhala chabe limadzigumula. Umboni wake waoneka pa anthu amene amatumizidwa m'mlengalenga, kumene thupi silimva kulemera. Anthu amenewa, ngakhale ali athanzi ndi odya bwino, amataya pafupifupi gawo limodzi mwa 100 la kudzala kwa mafupa a m'chiuno ndi a msana mwezi uliwonse. Wodwala wogona pa mphasa miyezi yambiri amaonanso zomwezo. Motero munthu wopepuka kwambiri, amene minofu yake yafota, sapatsa mafupa ake ntchito yokwanira.

Chifukwa chachiwiri ndi chakudya. Nkhalamba siionda popanda chifukwa. Kawirikawiri imakhala kuti sikudya mokwanira, kapena ikudwala, ndipo njala yomweyo imene yadya mnofu yadyanso fupa. Chachitatu, mayi akasiya kusamba, estrogen yochepa imene imatsala m'thupi imapangidwa makamaka m'mafuta a thupi. Wopanda mafuta m'pang'ono pomwe alibenso ndi kotsalako. Chachinayi n'chodziwika kwa aliyense amene anasenzapo ndowa: nkhata. Mnofu wa m'mbali mwa chiuno uli ngati nkhata imene imalandira mphamvu ya kugwa. Woonda akagwa, fupa limakumana ndi simenti popanda chotchinga.

N'chifukwa chake akatswiri a pa yunivesite ya Sheffield ku England, pamene anatulutsa njira yowerengera ngozi ya kuthyoka mafupa yotchedwa FRAX m'chaka cha 2008, anaika kulemera kwa thupi ndi msinkhu pakati pa mafunso oyambirira, pamodzi ndi zaka za munthu. Kuonda kwambiri kuli m'gulu la zizindikiro zodalirika zakuti munthu angathyoke fupa la m'chiuno.

Tikumbukire kumene makolo athu achokera. Njala ya 1949 inakantha kwambiri boma lino la Blantyre, ndipo ana amene anabadwa m'chaka chimenecho anakwanitsa zaka 75 m'chaka cha 2024. Anthu omwewa anapyola m'njala ya 2002. M'mwezi wa Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagumula nyumba ndi kupha anthu ku Chilobwe ndi m'mbali mwa phiri la Soche, ndipo m'chaka cha 2024 ng'amba inachititsa kuti maboma 23 mwa 28 alengezedwe kuti ali pa ngozi. Nthawi zonse chakudya chikachepa pakhomo, woyamba kukankhira mbale yake kwa adzukulu ndi agogo. Amati akhuta, pamene m'mimba muli zii. Chikondi chimenechi amachilipira ndi mafupa awo.

Palinso abale athu amene akhala akumwa ma ARV kuyambira pamene mankhwalawa anayamba kuperekedwa mwaulere m'chaka cha 2004, ndipo tsopano, mwa chisomo, afika pa ukalamba. Kachirombo ka HIV, ndiponso mankhwala ena monga tenofovir, zimachepetsako kudzala kwa mafupa. Ichi si chifukwa chosiyira mankhwala ngakhale tsiku limodzi, pakuti mankhwalawo ndiwo moyo. Ndi chifukwa chakuti asamale chakudya ndi sikelo yawo koposa ena.

CHIKOMEKOME CHA MKUYU

Wina powerenga izi adzasisita mimba yake nati: ndiye kuti ife onenepa tapulumuka. Taimani kaye, bwana. Kwathu kuno kunenepa timakutcha kupeza bwino. Mkazi akanenepa timati mwamuna akumsunga. Mwamuna akatuluka mimba timati ntchito yamuyanja. M'zaka zimene Edzi inkapulula anthu, kuonda kunasanduka chinthu cha manyazi, anthu n'kumalozana zala kuti uyo wagwidwa ndi kaliwondewonde, ndipo ambiri anayamba kufuna thupi kuti anansi asawakayikire. Kafukufuku wa Boma wa za chiwerengero cha anthu ndi umoyo wa 2015-16 anapeza kuti mwa amayi 100 aliwonse a zaka 15 mpaka 49, amayi 7 anali oonda kwambiri pamene 21 anali onenepa kupyola muyeso, ndipo m'matauni onenepawo anafika 36. Amayi amenewa ndiwo agogo a mawa.

Nzoona kuti munthu wolemera thupi akayezedwa pa makina, mafupa ake kawirikawiri amaoneka odzala kuposa a munthu woonda, ndipo fupa la m'chiuno sathyoka kawirikawiri. Zimenezi sitikana. Koma chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Mphamvu ya fupa siikula molingana ndi mafuta amene aunjikana pa thupi. Katundu amachuluka kuposa mzati. Wonenepa kwambiri akapunthwa amagwa mwamphamvu, ndipo akakolo ndi fupa la kumtunda kwa mkono zimathyoka kawirikawiri mwa anthu otere. Kunenepa kumaitana matenda a shuga, ndipo shuga ali ndi chinyengo chake: fupa limaoneka lodzala pa makina koma limakhala losachedwa kuthyoka, pamene maso akuchita khungu ndi mapazi akuchita dzanzi, kotero kuti munthu amapunthwa pa chinthu chimene sanachione kapena kuchimva. Kunenepa kumaononganso maondo ndi nyamakazi. Maondo akayamba kuwawa munthu amaleka kuyenda; akaleka kuyenda minofu imafota pansi pa mafuta; minofu ikafota fupa limatsatira.

Taganizirani moyo wa ambiri a ife ogwira ntchito m'maofesi a mu msewu wa Victoria Avenue, ku Ginnery Corner, ku Chichiri kapena ku Limbe. M'mawa galimoto kapena minibasi imatichotsa pakhomo ku Kanjedza, ku Chitawira kapena ku Namiwawa kukatitula pa khomo la ofesi. Tsiku lonse tili pa mpando. Masana ndi tchipisi ndi chakumwa cha shuga, madzulo ndi kanyenya ndi mowa. Kalata yopita ku ofesi yoyandikana nayo timatuma mesenjala. Tikadzapuma ntchito pa zaka 60 tidzatuluka ndi thupi lolemera, loimikidwa pa miyendo imene yaiwala ntchito. Mayi wosenza dengu la tomato kuchokera ku Chigumula kupita ku msika wa Limbe angatipose kulimba kwa mafupa, malinga ngati akudya mokwanira.

Tichenjezenso za mankhwala. Pali mapiritsi a mtundu wa prednisolone ndi dexamethasone amene madokotala amapereka pa matenda monga mphumu ndi nyamakazi zina. Mapiritsi amenewa akamwedwa miyezi yambiri amatupitsa nkhope ndi mimba, koma nthawi yomweyo amadya mafupa. Wina akakuuzani kuti mumwe mapiritsi otere kuti mukhale ndi thupi, dziwani kuti akukugulitsani chikhakha ndi ndodo. Amene analemberedwa ndi dokotala asawasiye mwadzidzidzi, koma akafunse za mafupa awo.

Ndipo wachikulire wonenepa asathamangire kudzimana chakudya kuti aonde msanga. Munthu wamkulu akataya makilogalamu mofulumira, pamodzi ndi mafuta amatayanso mnofu ndi fupa, ndipo fupa lotayika pa ukalamba silibwerera msanga. Kuchepetsa thupi kukhale kwa pang'onopang'ono, kochepetsa shuga, mafuta ndi mowa, osati ndiwo, ndipo kuyende limodzi ndi kuyenda kwa miyendo.

MULINGO WAKE NDI UTI?

Achipatala ali ndi masamu apafupi amene mlembi wa nthambi aliyense angawathe. Amatenga makilogalamu a munthu nawagawa ndi msinkhu wake m'mamita atauchulukitsa ndi iwo wokha. Yankho likachepera 18.5 munthuyo ndi woonda kwambiri. Likafika 25 wayamba kupyola muyeso. Likafika 30 wanenepa moopsa. Mwachitsanzo, mayi wa msinkhu wa mamita 1.6 ndi woonda kwambiri ngati safika makilogalamu 47, wayamba kupyola muyeso pa makilogalamu 64, ndipo wanenepa moopsa pa makilogalamu 77. Kwa munthu wokalamba n'kwabwino kukhala kutali ndi malire apansiwo. Makilogalamu awiri kapena atatu opyola malire a pakatiwo si oopsa ngati kuperewera.

Chofunika koposa nambala ya tsiku limodzi ndi mzere wake, monga momwe zilili ndi mwana. Agogo a makilogalamu 60 akataya atatu m'miyezi isanu ndi umodzi popanda kufuna, apite nawo ku chipatala, chifukwa kuseri kwake kungakhale njala, chifuwa chachikulu, shuga, khansa kapena kukhumudwa kwa munthu wosiyidwa yekha. Msinkhu nawo uyezedwe. Munthu akafupika ndi masentimita 4 kapena kuposapo poyerekeza ndi pa unyamata wake, timafupa ta msana tingakhale titaphwanyika kale.

NDIWO ZA AGOGO

Alangizi a zaumoyo amatiphunzitsa magulu asanu ndi limodzi a zakudya. Nsima ya ufa woyera imakhutitsa, koma kashiamu ilibe wokwanira kutchulidwa. Munthu wokalamba afunika mamiligalamu a kashiamu oposa 1,000 pa tsiku, ndipo kapu imodzi ya mkaka imapereka pafupifupi 300. Ife a mu Blantyre tili ndi mwayi, pakuti alimi a ng'ombe za mkaka ali pafupi nafe ku Thyolo, ku Chiradzulu ndi ku Mulanje. Amene mkaka umawatsegula m'mimba ayese chambiko. Koma chuma chathu chachikulu ndi nsomba zing'onozing'ono zodyedwa ndi minga yomwe: usipa, matemba ndi bonya, zimene zili mbwee m'misika ya Limbe, Ndirande ndi Blantyre. Anthu ena akalemera amazinyoza kuti ndi ndiwo za amphawi, osadziwa kuti kashiamu ali m'minga imene wodya chambo amaitaya. Agogo opanda mano asamanidwe. Nsombazo zikazingidwe, zisinjidwe, ufa wake uthiridwe m'ndiwo kapena m'phala.

Onjezanipo bonongwe, nkhwani, chisoso, mpiru ndi masamba a chammwamba, thobwa la mawere, malambe, nyemba, soya, nandolo, nsinjiro ndi dzira, zimene zimamanga mnofu. Kashiamu salowa bwino m'thupi popanda vitamini D, amene khungu limapanga likaombedwa ndi dzuwa. Dzuwa m'dziko muno ndi laulere, koma nkhalamba yotsekeredwa m'chipinda cha kuseri tsiku lonse siiliona. Fodya ndi mowa wambiri, kaya wa m'botolo kaya kachasu, ndi adani a mafupa.

Tisawalandenso makolo athu ntchito zonse poyesa kuti ndi ulemu. Alekeni apalire kadimba kawo, asese pabwalo, ayende kupita ku tchalitchi kapena ku mzikiti, avine chimtali ndi anzawo. Amene mphamvu zachepa azidzuka pa mpando ndi kukhalanso kangapo m'mawa ndi madzulo, atagwira tebulo. Ulemu weniweni ndi kuwakonzera poyenda: mwala woterera wa m'bafa uchotsedwe, njira yopita ku chimbudzi isalazidwe, pafupi ndi pogona pakhale nyali, nsapato zikhale zogwira phazi, maso ayezedwe. Amene amakhala m'malo otsetsereka a ku Mbayani, ku Chilobwe, ku Bangwe ndi ku Ndirande akudziwa mmene tinjira timatererera mvula ikagwa.

ZIMENE DZIKO LACHITA

Dziko lathu silinakhale manja lende pa nkhani ya mafupa. Chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth chakhala chikulandira othyoka kuyambira 1958. M'chaka cha 1985 dokotala wa mafupa wa ku Canada, Dr. Edward Blair, anayambitsa maphunziro a makiliniko ofesala a mafupa, amene kufikira lero ndiwo amathandiza othyoka ambiri m'zipatala za m'maboma. Sukulu ya madokotala inatsegulidwa mu Blantyre muno mu 1991, ndipo kuyambira 2021 ili pansi pa yunivesite ya zaumoyo ya Kamuzu. Chipatala cha mafupa cha Beit CURE chinatsegulidwa mu 2002, ndipo chipatala cha mafupa ndi ubongo cha LION ku Lilongwe chinayamba ntchito mu 2023. Ndondomeko ya Mtukula Pakhomo, imene inayambira ku Mchinji mu 2006, imafikira mabanja ambiri osungidwa ndi okalamba. Ndondomeko ya dziko yoona za anthu okalamba inatuluka mu 2016, ndipo mu 2024 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo loteteza anthu okalamba.

Zonsezi ndi zonyaditsa. Koma chipatala chimalandira fupa litathyoka kale, ndipo madzi akatayika saoleka. M'maiko ambiri, ngakhale olemera, mwa okalamba anayi kapena asanu othyoka fupa la m'chiuno, mmodzi amamwalira chaka chisanathe, kawirikawiri ndi chibayo, zilonda za pogona kapena kuundana kwa magazi. Ndipo ambiri mwa otsalawo sayendanso monga kale. Bedi limodzi logonedwa masabata ambiri ndi ndalama za msonkho wa tonsefe, ndipo wodwazika aliyense ndi munda wosalimidwa kapena geni yotsekedwa. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 17.5 miliyoni m'dziko muno, oposa 800,000 mwa iwo mu mzinda uno, ndipo pafupifupi asanu mwa 100 aliwonse m'dziko anali a zaka 60 kapena kuposapo. Pamene anthu akukhala ndi moyo wautali, chiwerengero chimenechi chidzakula. Makina oyezera kudzala kwa mafupa ndi okwera mtengo ndipo sapezeka m'zipatala zing'onozing'ono. Sikelo ndi tepi yoyezera msinkhu zilipo kale.

UDINDO WATHU

Mtsogoleri woyamba wa dziko lino, malemu Dr. H. Kamuzu Banda, amene anali dokotala, ankakonda kunena kuti munthu afunika zinthu zitatu: chakudya chokwanira, zovala zabwino, ndi nyumba yosadontha. Sananene kuti chakudyacho ndi cha ana ndi anyamata okha. Tsono ife amene tili ndi maudindo tichite izi.

Choyamba, wapampando wa nthambi iliyonse, pamodzi ndi amfumu a m'dera lake, adziwe nyumba zimene muli okalamba okhala okha kapena olera ana amasiye. Adziwe onse, osayang'ana kuti amavala nsalu ya chipani chanji, pakuti fupa silidziwa chipani.

Chachiwiri, a Bungwe la Amayi akambirane ndi alangizi a zaumoyo a m'dera lawo kuti okalamba aziyezedwa sikelo ndi msinkhu kawiri pa chaka, ndi kulembedwa m'buku lawo la ku chipatala. Tsiku la 1 Okutobala, lokumbukira anthu okalamba pa dziko lonse, ndi la 20 Okutobala, lokumbukira matenda a kufumbwa kwa mafupa, ndi masiku abwino oyambirapo.

Chachitatu, a Bungwe la Achinyamata, amene mphamvu zawo timaziona pa misonkhano, azionetsenso pokonza mabafa, masitepe ndi tinjira ta pa makomo a okalamba. Ntchito imeneyi siifuna ndalama za Boma. Ifuna khasu ndi Loweruka limodzi.

Chachinayi, ogwira ntchito m'Boma amene amalemba maina a olandira chimanga kapena Mtukula Pakhomo alembe mwachilungamo. Kufufuta dzina la nkhalamba kuti mulembepo mbale wanu wamphamvu zake ndi kuba, ndipo ndi kunyozetsa Boma limene munalumbira kulitumikira.

Chachisanu, aliyense wa ife adziyang'ane yekha. Kwerani sikelo. Tsikani minibasi siteji imodzi musanafike, mumalize ulendo pansi. Kwerani masitepe. Loweruka yendani ku Njamba kapena kwerani phiri la Michiru ndi ana anu. Mafupa amene mudzapume nawo ntchito mukuwamanga kapena kuwagumula lero.

Ena adzati zinthu zakwera mtengo, mkaka ndi usipa wa tsiku ndi tsiku tiutenga kuti? Kukwera kwa mitengo sitikukana, ndipo pali mabanja amene alibiretu, amene ayenera thandizo la Boma ndi la mipingo. Koma ife olandira malipiro pa mwezi tidzifunse moona mtima. Ndalama zingati zimapita ku mayunitsi a foni ndi ku mowa wa Lachisanu, ndipo zingati zimapita m'mbale ya amayi? Ndaona maliro ambiri mu mzinda uno amene ana anagula bokosi lonyezimira, nabwereka matenti ndi magalimoto, naphera anthu ng'ombe, pamene malemuwo ali moyo ankagonera tiyi. Nyama imene tinadya pa maliropo ikanawathandiza eni ake akanaidya ali moyo.

Enanso adzati ukalamba ndi ukalamba, fupa liyenera kutha basi. Ukalamba sitingauletse, koma kuthyoka chiuno pa kugwa kwa m'bafa si lamulo la Mulungu. Azakhali anga akanayezedwa pamene chitenje chinayamba kuzungulira kawiri, wina akanafunsa funso lomwe lija amafunsa mayi wa mwana: kodi akudya chiyani?

Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Ndiwo analima misewu imene tikuyendamo, ndiwo anatilipirira sukulu ndi ndalama za fodya, za tiyi ndi za ku migodi, ndiwo akulera ana amasiye amene anzathu anasiya. Iwo anatinyamula kupita nafe ku sikelo tili makanda. Mwezi uno usathe tisanawaperekeze iwonso.